Galuyo musamuphe mayi

Mayi wina wa ku Moatize wandilembera imelo: galu wawo ali ndi chilonda cha mafinya chosamva mankhwala, tsopano mwana watuluka zithupsa. Aphe galuyo?

Mayi, funso lanu landiwawa. Kwathu ku Angónia malume anga anali ndi galu wosaka, woti akalulu sankagona naye tulo. Atatuluka zilonda m'makutu, malume ankagula makapisozi pamsika, awiriawiri, n'kumawaza ufa wake pabalapo. Omwewo ankasungunulira nkhuku m'madzi, omwewonso ankamwa iwo eni chifuwa chikawavuta. Mdzukulu wawo atatuluka chithupsa m'khwapa, mudzi wonse unagamula kuti ndi galu, ndipo tsiku lomwelo anamupha. Zithupsa zinapitirira m'nyumbamo, galu ali m'dzenje.

Tizilombo tomwe timayambitsa zithupsa zambiri ndi Staphylococcus aureus, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amayenda nato m'mphuno osadwala. Mtundu wake wopima, kapena kuti wosamva mankhwala, wotchedwa MRSA, unadziwika ku England mu 1961, ndipo penicillin ndi amoxicillin saugwira. Galu kapena mphaka akapezeka ndi MRSA, kawirikawiri amakhala atatengera kwa mbuye wake, kenako n'kudzabweza. Agalu alinso ndi tawo, Staphylococcus pseudintermedius, nato timapima, koma sikawirikawiri tidwalitse munthu.

Ndiye wolakwa ndani? Ife. Mankhwala a masiku angapo timamwa tsiku limodzi, otsala tisungire mbuzi. Tizilombo tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana. Ine ndimati wogulitsa makapisozi pambali pa usipa ndi tomato azilandidwa katunduyo, ngakhale atakhala m'bale wanga. Mu 2019 anthu okwana 1.27 miliyoni padziko lonse anafa chifukwa cha mabakiteriya opima, ndipo kuno kumwera kwa Sahara ndi komwe vutoli linakula kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu.

Pali inanso yomwe imandinyansa: zoti malovu a galu amapoletsa bala. Ndaonapo akuluakulu ndithu atatambasula mwendo kuti galu anyambite chilonda. Galu woti mwina sanabayidwe ndi katemera wa chiwewe yemwe!

Tsono mutani?

Mwanayo apite kuchipatala lero, makamaka ngati thupi latentha kapena kutupako kukufalikira. Chithupsa musafinye. Auzeni adokotala za galuyo ndi mankhwala onse omwe mwayesa kale, mufunsenso ngati angayeze mafinyawo kulabotale, chifukwa ndi maso okha munthu sangadziwe kuti ndi MRSA. Galu akaonedwe ndi alangizi a ziweto, makapisozi anu musamupatsenso. Asagone pamphasa ya ana, asanyambite aliyense, chiguduli chake muzichapa pachokha ndi madzi otentha. Mukagwira chilondacho sambani m'manja ndi sopo, ndipo aliyense pakhomopo akhale ndi thaulo lake kufikira onse awiri atachira.