Alendo a ku England akubwera mu Julayi: auzeni asaiwale majuzi

Mayi, funso lanu ndaliona dzulo usiku, koma ndinati ndidikire ndikhale kaye pansi chifukwa si la mizere iwiri. Mwati alongo anu a ku Manchester akubwera kumapeto kwa Julayi ndi akazi awo komanso ana awiri obadwira komweko, akhala masabata atatu, ndipo mukufuna kudziwa ngati nyengoyi ili bwino ndiponso kumene mungakawaonetse. Ine ndimayendetsa galimoto ya hayala kuno ku Kasungu, ndipo alendo a mtundu umenewu ndawanyamulapo kangapo.

Nyengo asankha bwino, musawasinthitse. Ndaona ena m'makomentimu akuti bola akanabwera pa Khirisimasi. Khirisimasi imakoma ndi mpunga wa nkhuku, koma kwa munthu wofuna kuyenda ndi nthawi ya matope, udzudzu ndi udzu wautali umene umabisa ngakhale njovu. Mvula kuno imaleka cha mu Epulo, ndiye pofika Julayi misewu ya fumbi yauma, mitengo yayamba kuyoyola masamba, timitsinje tating'ono taphwa, nyama zikusonkhana kumene kwatsala madzi. Masana dzuwa limawala koma silipweteka ngati la mu Okutobala. Vuto lake ndi lakuti si alongo anu okha amene akuzidziwa zimenezi. Sukulu za ku England zimatseka kumapeto kwa Julayi mpaka kumayambiriro kwa Sepitembala, ndiye aliyense amene ali ndi ana amafuna kukwera ndege masabata omwewo. Ngati matikiti sanagule, agule msanga. Ndege yochokera ku UK molunjika kuno kulibe, adzasinthira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo mipando yotsika mtengo ndi imene imayamba kutha.

Tsopano nkhani imene ndalembera zonsezi: kuzizira. Anthu akunja akamva kuti Malawi ndi dziko lotentha amalongedza makabudula ndi masilipasi okhaokha. Ngakhale alongo anuwo, poti atha zaka kunja, akhoza kukhala ataiwala. Munthu akakumbuka kwawo amakumbuka mango ndi thukuta, sakumbuka mmene ankakhalira pa dzuwa m'mawa manja ali m'khwapa. Kasungu ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo usiku wa mu Julayi kumatha kuzizira kutsika pansi pa madigiri 10. Mudzamva akuti zimenezo n'zochepa, ife kwathu kumagwa sinowo. Zoona, koma kwawo nyumba zili ndi zotenthetsera ndipo mawindo salowa mphepo. Kuno adzagona m'nyumba ya malata, pansi pa simenti, mphepo ikulowera pansi pa chitseko, ndipo m'mawa adzasamba madzi a mu ndowa.

Chaka china ndinanyamula banja la anthu anayi kupita nawo ku paki. Tinadzuka kusanache kuti tikaone nyama, iwo atavala tizovala topyapyala ngati akupita ku nyanja. Sitinayende mtunda wautali, kamtsikana kawo kanayamba kugwedeza mano kenako kulira, milomo itachita kuuma. Ndinakafunditsa chitenje cha akazi anga chimene chimakhala pampando wakumbuyo. Njovu zinatulukira ndithu, zinayi, koma mwanayo sanaziyang'ane n'komwe, nkhope inali m'chitenje. Madzulo ake tinalowa mu msika pa boma kukasankha majuzi pa kaunjika, ndipo mayi wa mwanayo anaseka mpaka misozi ataona kuti juzi imene wagula ili ndi chizindikiro cha sitolo ya m'tauni ya kwawo. Choncho auzeni: aliyense juzi yokhuthala, jekete, masokosi, buluku lalitali, ana tizipewa. Inu konzani mabulangete awiriawiri pa bedi. Mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka, anthu amafa nayo. Mugulenso Vaseline, chifukwa mphepo ya nyengoyi imang'amba milomo ndi zidendene.

Chachiwiri ndi malo ogona. Chizolowezi chathu choti tikaona komweko chimagwira mu Febuluwale, osati mu Ogasiti. Malo abwino a m'mbali mwa nyanja ndi m'mapaki amadzaza miyezi isanakwane. Ndipo kungoimba foni sikokwanira. Ine zinandionekera pa loji ina kunyanja: ndinaimba, anati bwerani zipinda zilipo, tinafika dzuwa litalowa n'kupeza anapatsa ena amene analipiriratu. Tinazungulira mu mdima ndi ana atatopa mpaka tinakagona pa resitihausi ya phokoso pafupi ndi bala. Tumizani depoziti, ndipo uthenga wotsimikiza muusunge mu foni. Mufunsenso mtengo wa munthu aliyense payekha, chifukwa malo ambiri, kuphatikizapo pa geti ya paki, Mmalawi amalipira zina, mlendo wa pasipoti yakunja zina. Za viza afunse ku Immigration asananyamuke, malamulo ake amasinthasintha.

Kokayenda, ine ndingati sabata yoyamba isakhale ya ulendo. Akatsika pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi ali kale pa M1, makilomita pafupifupi 100 afika kuno. Apume, akaone akuluakulu kumudzi, akaone manda, alamu anuwo adziwike kwa azakhali ndi amalume. Mukayamba ndi nyanja, kumudzi mudzapitako mothamanga tsiku lomaliza, ndipo madandaulo ake adzatsalira inu iwo atakwera ndege. Komanso nyengoyi kumudzi ndiye kumakhala moyo: anthu akolola, ndalama ya fodya yalowa, Loweruka lililonse ukwati kapena chiliza. Mtedza watsopano, mbatata yootcha, nzimbe, manachesi, zonse zilipo. Mukakumana ndi Gule Wamkulu pamsewu, auzeni alendo apatuke mwaulemu, asatulutse foni n'kuyamba kujambula osapempha. UNESCO inauzindikira mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, koma kwa eni ake si chionetsero cha alendo.

Kenako paki yathu yomweyi. Zimandiwawa kuti anthu a ku Kasungu timatengera alendo ku Liwonde, ulendo wa tsiku lathunthu, pamene ambiri a ife sitinapondeko pa Lifupa. Paki ya Kasungu ndi yachiwiri kukula m'dziko muno, imangoposedwa ndi Nyika, ndipo mu 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde komweko. Sindikunamizani, si malo oti ukangolowa nyama zili mbwee. Ndi nkhalango ya misuku ndi mitondo, umafunika kudekha. Koma m'nyengo youma, ukakhala pa damu la Lifupa madzulo, mvuu zili phuu m'madzi, njovu zimatha kubwera zokha kudzamwa, iwe uli chikhalire ndi kapu ya tiyi. Anthu ndi ochepa, simupikisana ndi magalimoto khumi pa nyama imodzi. Mugoneko usiku umodzi kapena uwiri. Musavale zakuda kapena zabuluu chifukwa zimakoka kashembe, ndipo kuluma kwake ngati singano. Mukamadutsa midzi ya m'mphepete mwa paki, dziwani kuti njovu zimene alendo akuziombera m'manja ndi zomwezo zimene zakhala zikuwonongera anthu minda, ena kutaya abale. Nkhani yake muziyamba mosamala.

Kunyanja, njira yathu ndi M18 yodutsa pa Mtunthama, pamene pali Kamuzu Academy, n'kulowa m'nkhalango ya Nkhotakota. Kumeneko a bungwe losamalira mapaki la African Parks anasamutsirako njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017, ndiye woyendetsa asathamange. Mukatsika chitunda mudzamva kusintha, majuzi ayamba kuvulidwa, chifukwa kunyanja n'kotsika ndipo kumafunda. Pa boma la Nkhotakota pali mtengo uja amati Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe pa nkhani ya malonda a akapolo. Alamu anu adzafuna kuuona, ndi mphindi zochepa chabe.

Koma nyanja ya mu Julayi ndi Ogasiti ili ndi mwini wake, mwera. Mphepo imeneyi imachokera kumwera, imatha kuwomba masiku angapo osaleka, mafunde n'kukula ngati a pa nyanja ya mchere. Asodzi enieni amakokera mabwato kumtunda. Ndiye mnyamata wina akadzati ndikuyendetseni pa boti pamene asodzi akhala pansi akusoka maukonde, mukane, ngakhale atsitse mtengo. Ana azisambira m'mawa madzi asanavunduke, wamkulu ali pomwepo. Muike masiku atatu kapena anayi kuti ngati awiri aonongeka ndi mphepo, ena atsale. Mwera ukawomba nsomba zimasowanso, chambo n'kukwera mtengo, musadzadabwe. Apewe malo a bango ndi madzi odikha chifukwa cha likodzo, ndipo akabwerera kwawo akamuuze dokotala kuti anasambira m'nyanja ya Malawi.

Za malungo musanyengeke ndi kuzizira. Udzudzu umachepa koma sutha, makamaka kunyanja. Ana obadwira kunja thupi lawo siliwadziwa malungo, ndipo alongo anu nawo chitetezo chimene anali nacho chinatha ndi zaka zimene akhala kunja, ngakhale adzakane bwanji kuti ine ndine mwana wa konkuno. Onse anayi akaonane ndi dokotala asananyamuke alandire mankhwala oteteza, ndipo neti pa bedi lililonse. Mwana akatentha thupi, kuchipatala tsiku lomwelo kukayezetsa, osati Panado kaye. Madzi akumwa, a m'botolo kapena owiritsa.

Wina wafunsa za Nyika. Ndi kokongola, koma ndi kutali, msewu wochokera ku Rumphi umafuna galimoto yamphamvu, ndipo mu Julayi m'mawa udzu umachita kuyera ndi chisanu. Ndi ana aang'ono ine sindingapiteko ulendo uno. Ngati thumba la alongo anu lili bwino ndipo akufuna akambuku ndi mikango, bola South Luangwa ku Zambia: kudzera ku Kamwendo, kuwoloka pa Mchinji, Chipata, kenako makilomita pafupifupi 130 kufika ku Mfuwe. Kumeneko kuli akadyamsonga a mtundu wa Thornicroft amene sapezeka kwina kulikonse. Koma mitengo ndi ya madola, nyengo ino ndiye imafika pachimake, ndipo galimoto imafunika mapepala ake owolokera. Akanakhala kuti akhala mpaka kumapeto kwa Ogasiti ndikanati muphatikize ndi Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, anawo akaone kumene Achewa a m'mayiko atatu amakumana. Ndi masiku amene mwatchulawa adzakhala atapita.

Pamsewu, kumbukirani kuti dzuwa likulowa isanakwane 6 koloko, ndipo ndi nthawi imene malole a fodya amakhala ali piringupiringu kulowera ku Chinkhoma, kuphatikiza njinga zopanda nyali ndi utsi wa moto wolusa m'mbali mwa msewu. Muzinyamuka m'mawa, muzifika kukuwala. Mukaona filing'i siteshoni ili ndi mafuta, thirani ngakhale thanki ili pakati. Musadzaze pulogalamu tsiku lililonse ayi. Mlendo amene wangokhala m'galimoto masabata atatu amabwerera atangoona kumbuyo kwa mutu wa dalaivala.

Ndipo mukadzafika pamene anyamata amaimika timitengo ta mbewa m'mbali mwa M1, imani. Alamu anu mwina adzatembenukira kumbali, koma anawo adzafuna chithunzi, ndipo alongo anu, ngati ndi Mchewa weniweni, mudzawaona akusisita m'thumba kufuna ndalama zogulira.