Dokotala anauza amayi zoona, amalume akuti anawalosera imfa: ndani akulondola?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene wapempha kuti ndisatchule dzina lake kapena chipatala chimene anagonekedwako amayi ake. Ndaifupikitsa motere:

"Amayi anga akhala akutaya magazi kwa nthawi yaitali. Titatumizidwa kuchipatala chachikulu anawapima n'kupeza khansa ya khomo la chiberekero, ndipo akuti inafalikira kale. Gadiyani wawo ndinali ineyo. Tsiku lina masana dokotala anabwera yekha, n'kukoka mpando, n'kuwafunsa amayi ngati akufuna kumva zotsatira ali okha kapena ine ndili pomwepo. Anawauza m'Chichewa kuti matendawa sangathe, koma ululu ndi wotheka kuuletsa. Amayi analira, iye anangokhala chete mpaka anatonthola. Anatitulutsa ndi botolo la mofini, mankhwala amphamvu oletsa ululu, ndi kalata yokapereka kuchipatala cha kwathu. Ine ndinaona kuti ameneyu ndi munthu wachifundo. Koma amalume akwiya kwambiri. Akuti dokotala wachifundo sauza wodwala zoterozo, wawalosera imfa, wawataya, ndipo mankhwala anatipatsawo ndi omalizira munthu. Ndayamba kudzikayikira. Kodi chimenechi chinali chifundo kapena nkhanza?"

Achemwali, pepani kwambiri ndi matenda a amayi. Ndikuyankheni mosazungulira: dokotala ameneyu sanalakwe, ndipo mtima wanu sunakunamizeni. Komabe amalume anu sakuyankhula zopanda mutu, ndipo ndifika kwa iwo.

Ndiyambe ndi mpando uja, chifukwa aliyense amene anadikirirapo matenda m'chipatala cha boma akudziwa kuti si wamba. M'mawa ikakwana nthawi ya raundi, magadiyani amatulutsidwa panja. Dokotala amalowa ndi gulu la ophunzira, amaima kumiyendo kwa bedi, amatsegula fayelo, ndipo amakambirana m'Chingerezi pamutu pa wodwala. Wodwala wangoti kukwa, chitenje chafika m'khosi. Akafunsidwa kuti "Mwadzuka bwanji?" amayankha kuti "Pang'ono, adokotala," n'kuwomba m'manja, gulu lija n'kupita pa bedi lotsatira. Gadiyani akaloledwa kulowa ndi kontena ya phala amafunsa kuti "Anena kuti chiyani?" Yankho limakhala lakuti "Kaya, angolemba." Mabanja ambiri amatuluka m'chipatala ndi kabuku kodzaza ndi zolemba koma osadziwa dzina la matenda amene akuvutitsa m'bale wawo.

Dokotala wanu anabwerera nthawi ina, raundi itatha, ndipo anakhala pansi. Ofufuza a ku University of Kansas ku America anasindikiza mu 2012 zimene anapeza kwa odwala amene anali atangochitidwa opaleshoni: dokotala akakhala pampando, odwala ankaona ngati wacheza nawo nthawi yaitali kusiyana ndi akaimirira, chonsecho nthawi yeniyeni sinali yochulukirapo. Kafukufuku wina wa mu 1984, wa Beckman ndi Frankel, anasonyeza kuti madokotala ankadula mawu wodwala atangoyankhula pafupifupi masekondi 18 okha. Ndiye mukandiuza kuti amayi ankalira iye ali chete, osathamangira kunena kuti "musalire," osayang'ana wotchi, ine ndikuona munthu amene akuidziwa ntchito yake. Kukhala chete pamaso pa munthu amene akulira chifukwa cha mawu amene iwe wangonena kumene n'kovuta, ndipo ambiri amathawa.

Koma chimene chandigwira mtima kwambiri m'kalata yanu ndi funso limene anawafunsa amayi asananene chilichonse, loti akufuna kumva ali okha kapena inu muli pomwepo. Pamenepo amayi anapatsidwa mpata. Akanatha kunena kuti "Uzani mwana wangayu, ine sindikufuna kumva," ndipo alipo odwala amene amatero, ndipo dokotala wabwino amalemekeza zimenezo. Amayi anu sanatero. Anasankha kumva. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo pa nkhani iyi amene akumva m'mimba ndi amayi, osati inu, osati amalume, osatinso dokotala.

Tsopano za amalume. Kwathu kuno uthenga wolemera sitimangoulavula. Ngakhale munthu atatisiya kale, amene watumidwa kwa mwana amene ali kutali amati "Matenda akula, bwerani msanga," kuti munthuyo afike bwino. Chimenechi ndi chifundo chathu, ndipo ine sindichinyoza. Amalume anakula akudziwa kuti kutchula imfa munthu ali moyo ndi kulaula. Komanso kumbukirani udindo wawo. Ngati kwanu ndi kwa chikamwini, iwo ndi mwinimbumba, ndipo nkhani yaikulu chonchi yokhudza mlongo wawo yakambidwa iwo kulibe. Pamwamba pa zonsezo, akuopa. Munthu wamwamuna wachikulire sangakuuzeni kuti "Ndikuopa kutaya mlongo wanga." Amakwiyira dokotala.

Koma tiyeni tione chimene chimachitika tikabisa. Amayi amene akhala akutaya magazi miyezi yambiri, amene akuona zovala zikukula, amene akumva fungo limene sanali kulimva kale, amadziwa kuti zinthu sizili bwino. Aliyense akamawauza kuti "Muchira posachedwa," iwo amangovomera kuti asakukhumudwitseni, ndipo nanunso mukumwetulira kuti musawakhumudwitse. Mapeto ake munthu amanyamula mantha ake yekha usiku, nyumba ili yodzaza ndi abale. Amalephera kunena za munda uja wa kudambo kuti ukhale wa ndani, za mdzukulu wamasiye amene akumulera, za m'bale amene anasemphana naye mawu zaka zapitazo. Amalephera kuitanitsa abusa, ansembe kapena shehe pa nthawi imene akadali ndi mphamvu zoyankhula.

Palinso nkhani ya ndalama, ndipo imeneyi imandipweteka. Banja limene silinauzidwe zoona limagulitsa mbuzi, kenako chimanga cha m'nkhokwe, kenako njinga, mwinanso malo, kuthamangira aliyense amene walonjeza kuti achiza. Wodwala amakwezedwa minibasi ndi kabaza ali mu ululu woopsa, kupita uku ndi uku. Amene amapindula ndi ogulitsa mabotolo a mankhwala osadziwika bwino. Dokotala amene wanena zoona mofatsa wateteza amayi ku maulendo amenewa, ndipo watetezanso ana amene adzatsale.

Pa mawu akuti "wawataya," apa ndiye amalume aphonya, ndipo si mlandu wawo chifukwa ambiri sitinafotokozeredwe. Kutulutsidwa ndi mofini ndi kalata si kutayidwa. Ndi gawo la ntchito ya chipatala limene limatchedwa palliative care, kutanthauza chisamaliro cha munthu amene matenda ake sangachizike, kuti masiku ake akhale opanda ululu ndiponso aulemu. Amene anaiyambitsa m'njira imene ikudziwika lero ndi Cicely Saunders, yemwe anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967. Iye ankaphunzitsa kuti ululu wa wodwala suli m'thupi mokha: muli nkhawa, muli za pakhomo, muli za uzimu, ndipo zonsezi ziyenera kusamalidwa pamodzi. Mu 1993 Dr Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda, ndipo kumeneko kunafala njira yosungunula mofini wa ufa m'madzi kuti akhale wotsika mtengo, woti wodwala azimwa ali kunyumba kwake kumudzi. Kuno ku Malawi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre panayamba Umodzi yosamalira ana ndi Tiyanjane yosamalira akuluakulu. Ku Salima kuli Ndi Moyo, imene namwino Lucy Finch anatsegula mu 2007. Lero zipatala zambiri za maboma ndi za mishoni zili ndi anamwino ndi ma clinical officer amene anaphunzira ntchito imeneyi. Kalata imene munapatsidwa ija ndi yokulumikizani ndi anthu amenewa. Ngati simunakapereke, chonde musachedwe nayo.

Za mofini ndiyankhule momveka, chifukwa mphekesera imeneyi yazunzitsa anthu ambiri. Mofini akamamwedwa pa muyezo umene achipatala anena, safupikitsa moyo. Mphekesera inabwera chifukwa kale ankaperekedwa mochedwa kwambiri, munthu atatsala maola ochepa, ndiye abale ankaona ngati mankhwalawo ndi amene amaliza. Kawirikawiri wamadziyu amamwedwa maola 4 aliwonse, osadikira kuti ululu ubwerere kaye. Masiku oyamba munthu amatha kuodzera kapena kuchita nseru, ndipo zimenezi nthawi zambiri zimachepa. Chimene sichichoka chokha ndi kudzimbidwa, choncho funsani mankhwala ofewetsa m'mimba. Muyezo musasinthe nokha, ndipo botolo libisidwe kutali ndi ana. Likatsala pang'ono kutha, pitani mukatenge lina lisanathe. Za fungo ndi kutaya magazi musachite nazo manyazi kuwauza anamwino, ali ndi njira zothandizira. Mudzaona nokha kuti munthu amene ululu wamusiya amayamba kudya pang'ono, kugona tulo, kukhala pakhonde n'kumacheza ndi adzukulu.

Ndisakusiyeni ndi chithunzi chakuti m'zipatala mwathu aliyense amakumana ndi dokotala ngati wanu. Ayi. Makalata amene ndimalandira ambiri ndi a anthu amene anakalipiridwa, amayi amene ananyozedwa ali pa bedi lochirira, abambo amene anauzidwa zotsatira mokweza wodi yonse ikumva. Zoona, ogwira ntchito ndi ochepa. Dziko lino linatsegula sukulu yake ya madokotala, College of Medicine, mu 1991 mokha, ndipo lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. M'zipatala za m'maboma ambiri amene timawatchula kuti adokotala ndi ma clinical officer ndi ma medical assistant, amene amapeza mzere wafika kunja asanavale n'komwe gawuni. Kutopa kwawo n'koona ndipo ndimawamvera chisoni. Koma sindivomereza kuti kutopa ndi chilolezo chonyoza wodwala, chifukwa m'wodi imodzimodziyo, pa malipiro omwewo, mumapezeka wina amene amapereka moni, amatseka katani, amafotokoza. Ndipo vutoli si la kuno kokha. Ku England, Dr Kate Granger, dokotala amene iye mwini ankadwala khansa, anaona kuti ambiri amene ankamusamalira sankamuuza n'komwe maina awo. Mu 2013 anayambitsa kampeni yopempha ogwira ntchito m'chipatala kuti aziyamba ndi kudzitchula dzina, ndipo inafalikira m'zipatala zambiri iye asanamwalire mu 2016. Kwa amene mwachitiridwa zosayenera, m'zipatala zambiri za boma muli ombudsman wa pachipatala, munthu wolandira madandaulo a odwala, ndipo madandaulo aakulu amapita ku Medical Council of Malawi kapena ku Nurses and Midwives Council of Malawi.

Nanga amalume muwatani? Musalimbane nawo pa bwalo, ndipo musawawerengere zimene ndalembazi ngati mukuwagonjetsa pa mlandu. Choyamba funsani amayi ngati akulola kuti achimwene awo amve zonse. Akalola, apempheni amalume mwaulemu kuti, monga mwinimbumba, akuperekezeni tsiku lokaonana ndi a palliative care. Akafunse okha mafunso onse amene ali nawo: matendawa afika pati, chifukwa chiyani opaleshoni siingatheke, kodi pali chithandizo china monga chemotherapy (mankhwala olimbana ndi khansa) kapena radiotherapy (kuwotcha khansa ndi makina) chimene chingachepetse magazi ndi ululu ngakhale sichingachize. Kufuna kumva maganizo a dokotala wachiwiri si mwano, ndi ufulu wa wodwala, bola amayi eni ake akufuna ndipo ali ndi mphamvu zoyendera. Kenako apatseni amalume ntchito yooneka: kusonkhanitsa abale kuti muzisinthana kudikirira, kupeza ya thiransipoti yokatengera mankhwala, kukhala mboni pamene amayi akulongosola za pakhomo. Inu nokha simungathe kuchapa, kuphika, kutembenuza wodwala usiku ndi kumwetsa mankhwala kwa miyezi osapuma. Mapemphero apitirire, sakutsutsana ndi botolo lija. Chokhacho, wina aliyense asawauze amayi kuti kumwa mankhwala ndi kusowa chikhulupiriro.

Mukapeza mpata, lembani kakalata kothokoza kopita kwa mkulu wa chipatalacho, mutchule dokotalayo, komanso namwino kapena wokolopa aliyense amene anakuchitirani zabwino. Akuluakulu a zipatala amalandira madandaulo ochuluka, koma kawirikawiri sadziwa kuti ndani mwa anthu awo akuchita bwino, ndipo ophunzira amene amayenda pambuyo pa dokotala ameneyu ayenera kudziwa kuti ndi woyenera kumutsanzira.

Pomaliza ndi za inuyo, achemwali. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri padziko lonse, chonsecho ikapezeka msanga imachizika. Kuyeza kwake kumachitika m'zipatala za boma mwaulere, sikutenga nthawi yaitali, ndipo akapeza zizindikiro zoyambirira nthawi zambiri amathandiza tsiku lomwelo. Tsiku limene mukupita kukatenga mofini wa amayi, funsani kumene amayezera, ndipo mutengane ndi azichemwali anu. Ngati muli ndi ana aakazi, katemera wa HPV, kachirombo kamene kamayambitsa khansa imeneyi, boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana azaka 9, ndiye funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu ngati anu analandira.