Chifukwa chake usipa umachuluka kuposa ncheni

Wophunzira wina wa kusekondale wanditumizira imelo yofunsa kuti, ngati mphamvu siziwonongeka monga aphunzitsi amanenera, n'chifukwa chiyani cholengedwa chimene chadya chinzake chimalandirako gawo limodzi lokha mwa magawo khumi, nanga zotsalazo zimalowera kuti.

Aphunzitsi anu sanalakwitse, ndipo nyanja ya Malawi ikhoza kutithandiza kuona zimene zimachitika. Mphamvu zimalowa m'nyanjamo kuchokera ku dzuwa kudzera mu ndere zing'onozing'ono zoyandama, tizilombo ta m'madzi timadya nderezo, usipa umadya tizilomboto, ndipo ncheni imasaka usipa. Koma usipa sudya kuti unenepetse ncheni. Zambiri mwa mphamvu zimene wapeza umagwiritsa ntchito posambira, popuma ndi pothawa adani, ndipo zikatero zimasanduka kutentha kumene kumamwazika m'madzi, komwe palibe cholengedwa chingakutolenso n'kukudya. Zina zimatuluka ndi zonyansa za m'mimba, zina zimatsalira m'matupi a zimene zafa osadyedwa, zomwe mabakiteriya amaziwoletsa. Ncheni imalandira zokhazo zimene zinasanduka mnofu wa usipa umene yagwira.

Mukatsatira chiwerengero cha m'kalasi, ndere zolemera makilogalamu 1,000 zimakuza makilogalamu 100 a tizilombo, 10 a usipa ndi kilogalamu imodzi yokha ya ncheni. Kawerengedwe kotere kanayamba ndi Raymond Lindeman, amene ntchito yake ya pa nyanja yaing'ono ya Cedar Bog ku Minnesota inasindikizidwa mu 1942. Gawo limodzi mwa khumilo musalitenge ngati lamulo, chifukwa limakwera kapena kutsika malinga ndi malo ndi mtundu wa cholengedwa, ndipo ndimaona kuti kuliloweza osadziwa chifukwa chake n'kosathandiza.

Komanso m'nyanja zinthu sizidyana pamzere umodzi wowongoka. Chambo chimadya ndere zenizenizo, choncho chili pafupi ndi gwero la mphamvu kuposa ncheni. Nkhani yovuta kwambiri ndi ya nkhungu, touluka timene timafuka pamadzi ngati utsi. Mphutsi za nkhungu zimadya tizilombo tomwe usipa umadalira, ndipo kwa nthawi yaitali akatswiri ena ankaganiza kuti mphamvu zochuluka zimangouluka nazo osapindulitsa nsomba, mpaka panali maganizo obweretsa kapenta wa ku nyanja ya Tanganyika kuti azidya tizilomboto. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1990 anasonyeza kuti nsomba zokhala pakati pa nyanja, monga ndunduma ndi nkholokolo, zimadya gawo lalikulu la mphutsizo. Mphamvuzo zimafikabe ku nsomba, kungoti zimadzera njira yotalikirapo ndi sitepe imodzi, ndipo pa sitepe yowonjezerayo zambiri zimasanduka kutentha zisanafike mu ukonde wa msodzi.