Kantina yakale ya ku Domue: musayambe ndi simenti

Mayi wina wa ku Domue, m'boma la Angónia ku Mozambique, wandilembera kuti iye ndi anzake anayi akufuna kukonza kantina (sitolo ya kumudzi) yakale ya Apwitikizi, kuti kuseri azigonako ndipo kumaso kukhale telala, wokonza mafoni ndi mosungira nyemba. Akufunsa poyambira.

Amayi, funso lanu landikhudza chifukwa ndinakulira pafupi ndi nyumba yotereyi. Eni ake anachoka mu 1975, dziko litalandira ufulu. Ife titabwerako ku Dedza, kumene tinathawira nkhondo mpaka mtendere wa mu 1992 utakhazikika, tinaipeza ilibe zitseko, denga litasasuka, koma makoma ali chiimire. Amalume anga anaikonda kwambiri, ndipo anagulitsa matumba ambiri a mbatatesi kuti aipake simenti mkati ndi kunja. Dzinja lachitatu lisanathe, pulasitala anayamba kufufuma n'kumagwa, chifukwa njerwa zake zinamangidwa ndi dothi ndi laimu, zomwe zimalola chinyontho kutuluka, pamene simenti imachitsekera mkati mpaka njerwa kufumbutuka. Chowawa koposa chinali chakuti kenaka panabwera munthu ndi mapepala a umwini, amalume alibe kalikonse kolembedwa, ndipo anatuluka chimanjamanja.

Ngakhale zinatero, sindigwirizana konse ndi amene amati nyumba zimenezi zigwetsedwe popeza ndi za atsamunda. Amene anaumba njerwazo ndi kuzisenza pamutu anali agogo athu, ena mwa iwo pa ntchito yokakamiza ya chibalo, ndipo pakhonde la kantina ndi pamene amayi athu ankagulitsa chimanga n'kugula mchere ndi nsalu. Aliyense amene anaonapo tchalitchi cha mishoni ya Boroma, chimene Ajezuiti anamanga m'mbali mwa Zambezi, akudziwa kuti ntchito ya manja amenewo siyenera kutayidwa. Khondelo musalitseke ndi njerwa pofuna kuwonjezera chipinda, chifukwa ndi limene lidzakokere anthu kwa telala wanu.

Poyambira

Yambani ndi umwini. Kuno ku Mozambique nthaka ndi ya boma, ndipo munthu amangokhala ndi ufulu woigwiritsa ntchito, wotchedwa DUAT, motsatira lamulo la mu 1997. Nyumba zambiri zosiyidwa zinalowanso m'manja mwa boma ufulu utangobwera, choncho pitani kwa anyakwawa ndi ku ofesi ya boma ku Ulónguè, likulu la Angónia, musanagule ngakhale msomali umodzi. Asanu nonse mulembe pangano lonena za amene adzalipire magetsi ndi zimene zidzachitike wina akafuna kuchoka. Mukatero konzani denga ndi kuchotsa mitengo yodyedwa ndi chiswe. Ngati pamwamba pali malata akale a lusalite, musawadule kapena kuwaswa, chifukwa fumbi lake la asbestos limawononga mapapo. Makomawo muwapake laimu.