Funsani Achipatala: Ndayamba mankhwala a nkhawa koma tulo tathawiratu

Mafunso a mwezi uno achokera kwa owerenga a mu Blantyre amene angoyamba kumene mankhwala a nkhawa ndi kusowa tulo. M'zipatala za boma mankhwala amene amaperekedwa kawirikawiri pa vutoli ndi awiri, fluoxetine ndi amitriptyline, ndipo kamwedwe kake ndi kosiyana kwambiri. Mayina a ofunsa tawabisa.

FUNSO: Ndili ndi zaka 34. Kwa miyezi ingapo mtima umangothamanga, maganizo osatha, usiku ndimadzidzimuka cha m'ma 2 koloko osagonanso. Kuchipatala anandipatsa fluoxetine, kapisozi mmodzi pa tsiku, ndipo ndimamwa pogona. Sabata isanathe zinthu zaipiraipira: nseru, manja kunjenjemera, tulo ndiye tathawiratu. Kodi mankhwalawa sakundiyanja? Ndisiye?
Mayi wa ku Chilomoni

YANKHO: Mayi, musasiye kaye. Mwalemba kuti mumamwa pogona, ndipo apa ndiye pagona nkhani. Fluoxetine si mankhwala ogonetsa. Kwa anthu ambiri amadzutsa thupi, ndiye mukamwa usiku mukudzithamangitsira nokha tulo. Usiku wa lero musamwe, mumwe mawa m'mawa mutadya phala kapena mutamwa tiyi ndi kenakake, ndipo muzipitiriza choncho. Kuchedwetsa ndi theka la tsiku kulibe vuto chifukwa fluoxetine amakhalitsa m'thupi.

Nseru ndi kunjenjemerako zili ndi chifukwa chake. Timitsempha ta muubongo timatumizirana uthenga pogwiritsa ntchito mankhwala achilengedwe, ndipo ena mwa iwo ndi serotonin. Fluoxetine amachulukitsa serotonin patangopita maola ochepa mutamwa, koma ubongo umatenga masabata kuti uzolowere kusinthako. Pa nthawi imeneyo munthu wa nkhawa amamva ngati nkhawa zawonjezeka. Komanso serotonin wambiri wa m'thupi amapezeka m'matumbo, n'chifukwa chake m'mimba ndi m'mene mumayamba kudandaula: nseru, kusowa chilakolako cha chakudya, nthawi zina kutsegula pang'ono. Zovuta zimatsogola, phindu limabwera m'mbuyo. Anthu ambiri amasiya pa nthawi imene muli inuyi, atamva kuwawa kokha osadikira ubwino wake.

Kawirikawiri nseru, mutu ndi kunjenjemera zimachepa pakatha sabata imodzi kapena awiri. Kusintha koyamba kumaoneka pakati pa masabata 2 ndi 4, ndipo mwina a pakhomo ndi amene angayambe kuona kuti mwasiya kupsa mtima pa zazing'ono kapena mwayambanso kudya. Adokotala amaweruza ngati mankhwala agwira pakatha masabata 6 mpaka 8, ndipo pa nkhawa nthawi zina amadikira mpaka masabata 12. Zili ngati feteleza: simuthira lero mawa n'kukapeza chimanga chitabiriwira.

Ngati kunjenjemerako sikukulolani kugwira ntchito, bwererani kumene munalandira mankhwalawo tsiku lanu lisanakwane. Kapisozi wa fluoxetine amakhala wa 20 mg ndipo sagawika ngati piritsi, koma adokotala akhoza kukuyambitsani pa mlingo wochepa, mwachitsanzo kumwa modumphitsa tsiku kwa masiku oyamba, kenako n'kufika pa tsiku lililonse. Zimenezi asankhe ndi iwo, alembe m'kabuku kanu ka kuchipatala.

Pali zizindikiro zina zimene sitidikira nazo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mwayamba kuganiza zodzipha kapena maganizo otere akukula. Izi zimachitika makamaka kwa achinyamata osakwana zaka 25 m'masabata oyamba, ndiye makolo ndi okwatirana aziyang'anitsitsa. Pitaninso ngati simukutha kukhala pansi, miyendo ikungofuna kuyendayenda. Pitaninso ngati mwatha masiku angapo osagona koma osatopa, mukulankhula mosalekeza ndi kumwaza ndalama, chifukwa amenewo angakhale matenda ena amene mankhwalawa amawadzutsa. Ngati mwatuluka totupa, milomo kapena nkhope yatupa. Kapena ngati thupi latentha, thukuta lili kamukamu, minofu ikugwedezeka ndipo mutu wasokonezeka. Usiku kapena Lamlungu pitani ku chipinda cha odwala mwadzidzidzi ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth (Queens). Masiku a ntchito, kiliniki ya matenda a maganizo ya pa chipatalachi ndi imene anthu amaitchula kuti Room 6.

Za tulo, kapisozi yekha sakwanira. Dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse ngakhale mwagona maola atatu okha, ndipo musabwezere tulo masana. Tiyi wamasamba, khofi, Coca-Cola ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija za m'mabotolo zilekezere pa nkhomaliro. Mukadzuka 2 koloko n'kuona kuti patha mphindi ngati 20 tulo osabwera, tulukani pabedi, khalani pampando mopanda kuwala kwambiri, foni ili patali, mubwerere maso akayamba kulemera. Kugubuduka pabedi mukuwerengera ngongole kumazoloweretsa ubongo kuti bedi ndi malo oganizira.

FUNSO: Ndimayendetsa minibasi ya Limbe ndi m'tauni. Anandipatsa amitriptyline piritsi limodzi usiku. Tulo ndikugona ndithu, koma m'mawa mutu umalemera ngati ndinamwa mowa, kukamwa gwa, ndipo ndikadzuka msanga ndimachita chizungulire. Nditani poti ntchito ndimayamba 5 koloko?
Dalaivala wa ku Bangwe

YANKHO: Bambo, choyamba ndi ichi: tsiku limene mutu ukulemera musagwire chiwongolero. Mwanyamula miyoyo ya anthu, ndipo amitriptyline amachedwetsa maso ndi phazi ngakhale munthu akudzimva kuti ali bwino. Tikanakonda mankhwala otere aziyambidwa pa masiku opuma.

Kulemera kwa m'mawako kumachepa mukamwa msanga. Werengerani maola 10 mpaka 12 chobwerera kuchokera pa nthawi yodzuka. Ngati mumadzuka 4 koloko, ndiye kuti piritsi liyenera kumwedwa cha m'ma 6 koloko madzulo, osati 10 koloko pogona, ndipo likhale litamwedwa mutaimika kale galimoto. Ngati ntchito yanu simalola zimenezi, auzeni adokotala mosabisa kuti ndinu dalaivala. Akhoza kuchepetsa mlingo kapena kukusinthirani ku mankhwala osagonetsa.

Kuuma kukamwa, kudzimbidwa ndi kuona mwachimbuuzi zimachokera pa chinthu chimodzi: amitriptyline amatseka uthenga umene umauza malovu kutuluka ndi matumbo kuyenda. Yendani ndi botolo la madzi muzipsontha pang'onopang'ono, tafunani chingamu chopanda shuga, ndipo m'mbale musasowe masamba, nyemba, papaya kapena nsima ya mgaiwa. Chizungulire chimabwera chifukwa magazi amatsika mukaimirira mwadzidzidzi. Khalani kaye m'mphepete mwa bedi kwa mphindi imodzi musanaime.

Piritsi limodzi ndi 25 mg. Mlingo umenewu umathandiza tulo, koma pochiza matenda ovutika maganizo adokotala amakweza pang'onopang'ono kufika pa 75 mg kapena kuposerapo. Musadzikwezere nokha. Amitriptyline akachuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima ndipo amapha, ndipo kwa mwana wamng'ono mapiritsi ochepa okha ndi oopsa. Asakhale pa windo kapena m'thumba la jekete, atsekeredwe. M'nyumba mmene muli munthu amene akuganiza zodzipha, mapiritsi asunge ndi wachibale, azipereka a tsiku limenelo basi. Amene anadwalapo mtima, a khunyu, a matenda okweza mphamvu ya madzi m'maso, ndi abambo achikulire amene mkodzo umatuluka movutikira anene zimenezi asanayambe. Mkodzo ukatsekeka ndi nkhani ya chipatala nthawi yomweyo.

Mowa ndi amitriptyline sizigwirizana, kaya ndi Chibuku, kachasu kapena wa m'botolo. Piriton nayenso amawonjezera tulo ndi kuuma kukamwa. Ndipo nyengo ya malungo ikafika kumbukirani ichi: LA amachititsa kuti amitriptyline achuluke m'magazi, ndipo onse awiri amakhudza mtima. Malungo sachedwetsedwa, pitani mukayezetse msanga, koma musanalandire LA nenani kuti mukumwa amitriptyline kuti achipatala aone chochita.

FUNSO: Mayi anga ali ndi zaka 67, amamwa ma ARV ndi mankhwala a BP, ndipo mawondo akawawa amagula Brufen pagolosale. Tsopano awonjezera fluoxetine. Sizilimbana m'thupi zimenezi?
Mwana wawo, Zingwangwa

YANKHO: Achemwali kapena achimwene, mwachita bwino kufunsa, chifukwa pa zitatuzo choopsa kwambiri ndi chimene anthu sachiwerengera, Brufen. Fluoxetine amachepetsa mphamvu ya magazi youndana, pamene Brufen, diclofenac, Indocid ndi aspirin amakanda chifu. Zikaphatikizana mwa munthu wachikulire, chifu chikhoza kutaya magazi. Chimbudzi chakuda bii ngati phula kapena masanzi a magazi ndi chizindikiro chothamangira nacho kuchipatala. Pa ululu wa mawondo ayambe ndi Panado. Ngati aspirin anawalembera ndi adokotala chifukwa cha mtima asasiye okha, akafunse. Tramadol asamwe popanda adokotala kudziwa, chifukwa pamodzi ndi fluoxetine angayambitse kukomoka kapena kutentha thupi ndi kugwedezeka minofu kuja tatchula pamwambapa.

Pa BP, onani ngati m'kabuku mwalembedwa hydrochlorothiazide, amene ambiri amangolemba HCTZ. Mankhwala amenewa ndi fluoxetine onse amatha kutsitsa mchere wa m'magazi, makamaka kwa amayi achikulire m'masabata oyamba. Mukaona mayi afooka, akusokonezeka, akudzandira kapena akungosinza, musati ndi ukalamba. Akayezedwe magazi.

Ma ARV amene ambiri akumwa masiku ano, aja okhala ndi dolutegravir, amamwedwa limodzi ndi fluoxetine popanda vuto lalikulu, ndipo asadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Koma dolutegravir payekha amasowetsa tulo anthu ena, n'chifukwa chake ndi bwino kumwa m'mawa. Efavirenz, amene anali wofala kale, ndiye amadziwika ndi maloto oopsa. Ngati kusowa tulo kunayamba atangosinthidwa ma ARV, a ku kiliniki ya ma ARV adziwe. Popita kulikonse tengani mabotolo onse m'jumbo imodzi, ndi mankhwala azitsamba omwe.

FUNSO: Kunyumba akuti mankhwalawa ndi a anthu amisala ndipo ndikazolowera sindidzasiyanso. Ndi zoona?
Mtsikana wa ku Machinjiri

YANKHO: Ayi, achemwali. Nkhawa ndi matenda odziwika, ndipo ambiri amene amamwa mankhwalawa ali pa ntchito, pa sukulu ndi pa geni zawo. Fluoxetine ndi amitriptyline sachititsa chibaba, ndipo munthu safuna kumawonjezera mlingo kuti amve bwino. Chimene chilipo n'chakuti thupi limazolowera, ndiye kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, nseru, maloto oipa ndi kukwiyakwiya. Posiya amachepetsa pang'onopang'ono kwa masabata angapo.

Cholakwika chofala ndi kusiya mwezi wachiwiri poti munthu wayamba kupeza bwino. Pa matenda ovutika maganizo amapitiriza miyezi 6 kapena kuposerapo kuchokera pamene mwachira, ndipo pa nkhawa zokhalitsa nthawi zambiri ndi chaka. Kusiya msanga ndi kumene kumabweza matenda.

Amene amachititsa chibaba ndi diazepam, uja ena amati Valium. Amagonetsa usiku womwewo, ndiye anthu amapatsana pa chinansi. Adokotala akamulemba amakhala wa masiku ochepa, osapitirira masabata 2 mpaka 4. Kupitirira apo piritsi limodzi silikwaniranso, ndipo kusiya mwadzidzidzi kungagwetse munthu ngati wakhunyu.

FUNSO: Chiyambireni fluoxetine nkhawa zachepa, koma kuchipinda zinthu sizikuyenda. Ndikuopa kuwauza adokotala.
Bambo wa ku Ndirande

YANKHO: Bambo, auzeni, si inu oyamba. Kuchepa kwa chilakolako ndi kuchedwa kumaliza ndi zotsatira zodziwika za fluoxetine kwa amuna ndi akazi omwe, ndipo mosiyana ndi nseru, izi sizitha zokha kawirikawiri. Kwa ambiri zimabwerera mwakale mlingo ukachepetsedwa kapena mankhwala akasinthidwa. Auzeninso akunyumba kuti ndi mankhwala, asayambe kukuganizirani zina. Mankhwala a mphamvu ogulitsidwa m'misewu asiyeni, simudziwa zimene anasakanizamo.

FUNSO: Ndikumwa amitriptyline ndipo ndazindikira kuti ndine woyembekezera. Komanso mwezi watha kuchipatala mankhwalawa anatha, mnzanga anandigawira fluoxetine wake.
Mayi wa ku Chirimba

YANKHO: Mayi, musasiye mwadzidzidzi chifukwa cha mimbayo, koma sabata ino pitani kusikelo ndi kabuku kanu, muwauze zonse ziwiri. Nkhawa ndi kuvutika maganizo zosachizidwa nazo zimavulaza mayi ndi mwana, ndiye achipatala amayeza mbali zonse asanasankhe kupitiriza, kuchepetsa kapena kusintha. Azamba adziwenso pa nthawi yochira, chifukwa khanda limatha kubadwa lonjenjemera kapena lovuta kuyamwa kwa masiku ochepa ndipo limafunika kuliyang'anira.

Za kugawiranazo, musabwerezenso. Awiriwa si mankhwala amodzi. Fluoxetine amalepheretsa chiwindi kuchotsa amitriptyline, ndipo poti amakhala m'thupi masabata angapo mutasiya, amitriptyline amene mwayambiranso akhoza kuchuluka m'magazi ngakhale mukumwa piritsi limodzi lomwe lija. Mukamva mtima kugunda modumphadumpha, tulo tosaletseka kapena kulephera kukodza, pitani tsiku lomwelo. Mtsogolomu muzikatenga mankhwala kutatsala a sabata imodzi. Mukapeza atha, pemphani akulembereni dzina ndi mlingo kuti mukagule ku famase yovomerezeka, kapena akuuzeni chipatala china cha boma chimene mungakawapeze.