Alamu gulani, koma mbaula izigona panja

Achimwene, mwafunsa ngati kaalamu kochenjeza za mpweya wa poizoni wa carbon monoxide kamene munakaona m'galimoto ya alendo ku Senga Bay n'kofunikadi mu Hiace yanu, imene mwachotsa mipando n'kuikamo bedi ndi chitofu cha gasi. Gulani ndithu. Koma ine chandidetsa nkhawa ndi mzere wanu womaliza uja, woti mwera ukamakuntha mu June ndi July mumalowetsa mbaula kuti muwothe musanagone. Zimenezo siyani lero lomwe, alamu ikhalepo kapena isakhalepo.

Mpweya umenewu si utsi. Utsi umatsokomoletsa, umatulutsa misozi, munthu umathawa wekha. Uwu ulibe fungo, suoneka, sukereketa kukhosi. Umatuluka makala, nkhuni, gasi, parafini kapena petulo zikamayaka pamalo popanda mpweya wabwino wokwanira. Pamene ambiri timapusitsika ndi apa: timadikira makala asiye kufuka, afiire psuu, ndiye n'kumati tsopano akolera, alowe. Makala ofiirawo akutulutsabe poizoni mwakachetechete, ngakhale atakutidwa ndi phulusa n'kumaoneka ngati azima. Anthu amafa ndi mbaula m'nyumba ya zipinda ziwiri, nanga kuli bwanji mu minibasi yokhala ndi marabala kuzitseko?

Mpweyawu ukalowa m'mapapo umakanirira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni, kopitirira ka 200, ndiye magazi amangozungulira osanyamula chimene ubongo ndi mtima zikufuna. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru, kusanza ndi kufooka kwa mawondo. Mwaona vuto lake? Kunyanja kuno mutu ukangowawa timati malungo, timamwa Panado n'kugonanso kuti mawa tikapimitse ndi kulandira LA. Ndiye munthu wagonanso momwemo mmene muli poizonimo. Kusiyana kwake n'koti thupi silitentha, onse amene ali m'galimotomo amadwala nthawi imodzi, ndipo mukatuluka panja mutu uja umayamba kupepuka. Ana ndi amayi oyembekezera umawagwira msanga. Wogona tulo samva chilichonse, makamaka ngati analawako madzulo.

Pogula alamu, werengani nambala ya muyezo wake kumbuyo kwa paketi. Yoyenera galimoto kapena boti imalembedwa EN 50291-2, inayesedwa kuti ipirire kugwedezeka. Yolembedwa EN 50291-1 yokha ndi ya m'nyumba, ndipo mabampu a kumisewu yafumbi yopita kugombe si masewera. Asakunamizeninso kuti alamu ya utsi kapena yonunkhiza gasi wothawa m'silinda ndi chimodzimodzi. Ndi zida zosiyana. Gasi wophikira ndi wolemera, amatsikira pansi, pamene carbon monoxide amasakanikirana ndi mpweya wonse m'galimotomo. Choncho alamuyo ipachikeni pafupi ndi pogona, cha pamene pamafika mutu, osati m'kabati, kuseri kwa katani kapena pamwamba penipeni pa chitofu.

Musadabwe ikapanda kulira nthawi yomweyo. Inapangidwa kuti iziwerengera kuchuluka kwa mpweyawo pamodzi ndi nthawi. Pa 50 ppm (magawo 50 a poizoniyu pa magawo miliyoni imodzi a mpweya) imalira pakati pa mphindi 60 ndi 90, pa 100 ppm pakati pa mphindi 10 ndi 40, pa 300 ppm isanathe mphindi 3. N'chifukwa chake ndikukana zoti alamu ikhale chilolezo cholowetsera mbaula: ikamalira ndiye kuti mwapuma kale wambiri. Imakalambanso, zambiri zimatha ntchito pakati pa zaka 5 ndi 10, tsiku lake limalembedwa kumbuyo. Za kaunjika zosaoneka tsiku zisiyeni. Kabatani koyesera muzikadina musananyamuke ulendo uliwonse, koma dziwani kuti kamangotsimikiza batire ndi kulira.

Mbaula si mdani yekhayo. Mu October ndi November Salima ikamawotcha, ena amagona injini ikulira kuti aircon iziziziritsa. Ekizozi ikabooka ndi dzimbiri, utsi wake umakwera kudzera m'timabowo tapansi ndi kuchitseko chakumbuyo. Muuzeni makanika alowe pansi ayang'ane paipi yonse, makamaka ngati munabowola pansi pomanga bedi. Jenereta iikeni patali, osati pansi pa zenera, ndipo muzionanso ya mnzanu amene waimika pafupi nanu.

Chitofu cha gasi chija n'chophikira, si chowothera. Lawi lake likhale labuluu. Likamaoneka lachikasu, likamasiya mwaye kunsi kwa poto, chitofucho sichikuyaka bwino, kachikonzetseni. Pophika tsegulani chitseko, mukatha tsekani pa silinda penipeni. Ndikudziwa chimene chimatitseketsa mawindo onse usiku, ndi udzudzu ndi akuba. Dulani neti yakale mumate pa mawindo awiri oyang'anizana, muwasiye otsegula pang'ono posakwana dzanja. Timabowo ta mpweya musamatitseke ndi nsanza. Kukazizira onjezerani bulangeti, kapena thirani madzi otentha m'botolo lolimba, mulikulunge ndi chitenje n'kuliika kumapazi.

Alamu ikalira usiku musayambe kufufuza kapena kuchotsa batire poganiza kuti yapenga. Tsegulani zitseko zonse, tulutsani aliyense, kenako zimitsani chimene chikuyaka. Amene akumva mutu, akusanza kapena akulankhula zosokonekera apite kuchipatala usiku womwewo, kaya ku Salima District Hospital kapena cha boma ku Nkhotakota ngati muli cha ku Bua. Amene wapuma mpweyawo asagwire chiwongolero, pemphani wina. Mukafika nenani momveka kuti munagona ndi moto kapena injini m'galimoto, chifukwa kachida koyezera okosijeni kopanira kuchala kaja kamatha kuonetsa kuti okosijeni ali bwino pamene sali bwino. Mankhwala ake ndi okosijeni wakuchipatala. Mkaka umene ena amamwetsa suchotsa poizoniyu, ndipo wokomoka musamumwetse kanthu kalikonse.