Rolls-Royce yamatabwa: kodi eni ake anaiwononga?

Bambo wina wa ku Luwinga, amene ndi kalipentala, wanditumizira imelo pamodzi ndi chithunzi cha Rolls-Royce yakale imene kumbuyo kwake konse n'kwamatabwa. Akufunsa ngati eni ake sanaiwononge galimoto yamtengo wapatali chonchi, ndiponso ngati iwo angathe kuchita zomwezo pa galimoto yawo.

Bambo, sanaiwononge ayi. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse isanayambe, kampani ya Rolls-Royce inkagulitsa injini ndi chassis (chimango chachitsulo cha kunsi chimene bodi imakhalapo) basi, ndipo wogula ankapita nazo kwa amisiri monga Hooper, Barker kapena Park Ward kuti akam'mangire bodi ya kumtima kwake. Choncho kuchotsa bodi yotha n'kuikapo ina sikunali kwachilendo. Nkhondo itatha mu 1945, zitsulo zinkasowa ku Britain ndipo msonkho wa galimoto zatsopano unali wokwera, motero zakale zambiri, monga za mtundu wa 20/25 zimene zinapangidwa kuyambira 1929 mpaka 1936, zinavekedwa matabwa. Bodi yotere ankaitcha shooting brake, chifukwa poyamba inali yonyamulira alenje, mfuti ndi agalu awo.

Funso lanu lachiwiri ndi limene likundidetsa nkhawa. Amisiri aja ankasankha mtengo wa ash, wolimba koma wotha kupindika osathyoka, ndipo matabwawo sanali okongoletsera chabe. Pa Morris Minor Traveller, imene inapangidwa kuyambira 1953 mpaka 1971, ndiwo ankagwira bodi yonse yakumbuyo. Ndinaionapo ina pagalaja, vanishi wake ali waliwali, koma nditadina ndi chala pansi pa windo, pamene matabwa awiri akumana, chinangolowa ngati m'mbatata yophika. Madzi amayambira kudya pamenepo, ndipo inu mukudziwa mmene mvula ndi nkhungu za kuno ku Mzuzu zimakhalitsira.

Paini wa ku Chikangawa musamuganizire n'komwe, ndi wofewa kwambiri pa ntchito imeneyi. Mlombwa wouma bwino ndi umene ungapirire chinyezi ndi chiswe.

Koma yambani mwasuzumira kunsi kwa galimoto yanu. Galimoto zing'onozing'ono za masiku ano zilibe chassis yapayokha, mphamvu yake yonse ili m'bodi momwemo, ndipo mukadula denga mwaithyola msana. Imene ingalole ndi ya chassis yosiyana ndi bodi, monga Land Rover yakale kapena Hilux. Ngakhale pamenepo, musanagwire sowo, kafunseni kaye ku ofesi ya Road Traffic ngati adzailole kuyenda pamsewu itasinthidwa chotero.